Mmene mungafufuzire mbiri ya kwanu m'mapepala amene atsamunda a ku Britain anasiya

Kuyambira 1891 mpaka 1964 Britain inalamulira dziko lino, ndipo pa zaka 73 zimenezo antchito ake analemba mapepala odzaza zipinda. Sankalemba kuti ife zidzukulu tidzadziwe makolo athu, ayi. Ankalemba kuti msonkho utoleredwe, anthu ogwira ntchito apezeke, malo a azungu asalowereredwe, ndiponso kuti wina akayamba kuvuta adziwike msanga. Ndiye gogo amene analima munda wake, kukhoma msonkho chaka ndi chaka n'kumwalira mwamtendere, kawirikawiri simum'peza ndi dzina lake. Amene mumawapeza ndi mafumu, othawa msonkho, osumiridwa, asilikali, aphunzitsi olemba madandaulo, ndi omangidwa. Mukaigwira mfundo imeneyi mudzadziwa pofunafuna, ndipo simudzakhulupirira pepala chabe chifukwa ndi lakale komanso lili ndi chidindo.

Malangizowa ndi a wophunzira amene wapatsidwa ntchito ya kafukufuku, mphunzitsi wa mbiri, kapena aliyense wofuna kudziwa za mudzi, ufumu kapena banja la kwawo.

1. Yambirani kumudzi, ku Zomba mupite pambuyo

Mafayilo a atsamunda sanasanjidwe potsata mayina a anthu wamba. Anasanjidwa potsata boma, mfumu ndi nkhani. Dzina la agogo palokha silikutsegulirani chitseko chilichonse. Khalani pansi ndi akuluakulu, makamaka mwinimbumba ndi azigogo aakazi, mulembe mayina onse a munthu amene mukumufufuzayo: lobadwa nalo, lakuchinamwali, laubatizo, ndi lija ankadziwika nalo kuntchito. Lembaninso mfunda wake, mudzi, nyakwawa ya nthawiyo, mfumu yaikulu, mtsinje kapena phiri loyandikira, ndi mishoni imene ankapemphera. Funsani za mabwinja, chifukwa midzi inkasamuka ndipo ina inkagawikana abale akayambana.

Musafunse kuti "zinachitika chaka chanji". Funsani kuti, "Agogo, pamene amalume anu ankapita ku Joni, njala ija inali itadutsa?" Zizindikiro zodziwika zilipo: nkhondo ya Chiwaya ya 1914 mpaka 1918, chimfine chimene chinapulula anthu nkhondoyo itangotha, njala ya 1949, chitaganya cha 1953, chipwirikiti cha 1959.

Dzerani kwa amfumu musanayambe kuyenda khomo ndi khomo, ndipo pemphani chilolezo musanajambule mawu pa foni. Za kudambwe ndi za kumanda zili ndi eni ake, akakana musaumirize. Shuga kapena sopo wa m'manja ndi ulemu wa mlendo, koma mukayamba kulipira ndalama pa nkhani iliyonse, nkhanizo zimayamba kunenepa.

Ndikuti muyambire kumudzi chifukwa mukafika ndi fotokope ya Chingerezi n'kuiwerenga, akuluakulu ambiri amangovomera kuti "ndi momwemo", ndipo zimene akanakuuzani okha zimabwerera m'mimba. Ngakhale mulibe pepala, funsani nthawi zonse kuti "munamva kwa ndani?" Mbiri ya Achewa imene Samuel Ntara analemba inasindikizidwa m'zaka za m'ma 1940 ndipo inawerengedwa kwambiri, moti nthawi zina zimene mukuyesa kuti zachokera kwa makolo zinachokera m'buku la kusukulu.

2. Phunzirani mayina amene iwo ankalemba

Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi, chifukwa amalemba "Mangochi" pa kompyuta osapeza kanthu. Dziko lenilenilo linkatchedwa British Central Africa Protectorate kuyambira 1893, n'kukhala Nyasaland mu 1907. Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald, Mchinji ndi Fort Manning, Chitipa ndi Fort Hill, Chilumba ndi Deep Bay. Nkhotakota ankalemba Kota Kota, Thyolo ndi Cholo, Mulanje ndi Mlanje, Ntcheu ndi Ncheu. Maboma oyambirira anali ndi mayina enanso: Central Angoniland ndi dera la Dedza, Lilongwe ndi Dowa; Marimba ndi la Nkhotakota; Mombera ndi Mzimba; West Nyasa ndi Chintheche ndi Nkhata Bay; North Nyasa ndi Karonga; South Nyasa ndi Mangochi yomweyo.

Mitundu ya anthu nayo: Alomwe ankawalemba kuti Anguru, dzina limene eni ake ankadana nalo mpaka Lewis Bandawe ndi anzake anakakamiza boma kulisiya m'zaka za m'ma 1940. Ayao m'zolemba zakale kwambiri ndi Ajawa, ndipo Achewa ena ankawalemba kuti Achipeta. Mfumu Jalasi mudzaipeza ngati Zarafi. Dzina lililonse liyeseni ndi r ndi l, ndi h komanso popanda h, ndi ch komanso c.

Ngati kwanu ndi kumalire, musaiwale kuti malirewo anadula mabanja. Za Achewa ndi Angoni a ku Chipata, imene inali Fort Jameson, zili ku National Archives of Zambia ku Lusaka. Za mbali ya Angonia ndi Tete zinalembedwa ndi Apwitikizi m'Chipwitikizi, ndipo malo ake ndi ku Maputo ndi ku Lisbon.

3. Dziwani njira imene pepala linkayenda

Bwana wa pa boma poyamba ankatchedwa Collector, kenako Resident, pambuyo pake District Commissioner, DC amene akuluakulu amamukumbukira. Iye ankalembera Provincial Commissioner, uyo n'kulembera Chief Secretary ku Secretariat, likulu la maofesi a boma ku Zomba, ndipo nkhani zikuluzikulu bwanamkubwa ankazitumiza ku London. Nkhani imodzi imatha kusiya mapazi m'maofesi anayi, ndipo ikamakwera imafupika n'kusalala. Zonunkha zimatsala pansi, m'fayilo ya DC.

Pali zaka ziwiri zoti muzisunge pamtima. Mu 1919 Secretariat ya ku Zomba inapsa, ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira anathera pamotowo. Choncho nkhani ya Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda kuno, nkhondo zake ndi Makanjira ndi Mlozi, kuphedwa kwa Gomani mu 1896, kapena kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, mbali yaikulu mudzaipeza m'makalata amene anatumizidwa ku London, amene lero ali ku The National Archives ku Kew, ku London komweko. Chaka chinacho ndi 1904. Chisanafike, dziko lino linali pansi pa Foreign Office, ndipo mapepala ake ambiri ali m'gulu la FO 2. Kuyambira 1904 linali pansi pa Colonial Office, ndipo gulu lake ndi CO 525. Za m'zaka za m'ma 1950 yang'anani mu CO 1015.

China chosokoneza: m'zaka za m'ma 1930 zigawo zinali ziwiri zokha, Northern ndi Southern, ndipo Lilongwe, Dowa ndi Dedza zinali ku Northern. Wofufuza za ku Dowa wa zaka zimenezo akakana kutsegula mafayilo a "kumpoto" amabwerera chimanjamanja.

4. Chitani zonse zotheka pa intaneti musanakwere basi

Katalogi ya ku Kew, yotchedwa Discovery, ndi yaulere. Simuwerengamo fayilo yonse, koma mumaona mutu wake, chaka ndi nambala, zimene mungatumize kwa m'bale kapena mnzanu amene ali ku Britain kuti akakujambulireni. Chiphaso cholowera kumeneko salipira ndipo amalola kujambula. Malipoti a pachaka a Nyasaland ambiri anaikidwa pa intaneti ndi malaibulale a mayunivesite. Zokambirana za nyumba ya malamulo ya ku Britain, zotchedwa Hansard, ziliponso zaulere. British Library, kudzera mu Endangered Archives Programme, inathandiza kujambula mabuku ena a maboma ndi mapepala a maofesi a mafumu a kuno, ndipo zithunzi zake zimaonedwa kwaulere.

5. Ku Zomba

National Archives inayamba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives ya ku Salisbury (Harare wa lero), ndipo ili ku Zomba mpaka lero. Funsiranitu za chilolezo, malipiro ndi malamulo a kujambula musananyamuke. Tengani chiphaso, kalata yofotokoza zimene mukufufuza, pensulo ndi kope. Tsiku loyamba lithereni pa mindandanda ya mafayilo, ndipo muwauze ogwira ntchito kumeneko nkhani yanu momveka. Amadziwa mashelefu awo kuposa mndandanda. Fayilo ina mudzaidikira, ina siipezeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zilembo za pa mafayilo zikuuzani kumene anachokera. S1 ndi mafayilo wamba a Secretariat, S2 ndi achinsinsi. NN ndi chigawo cha kumpoto, NC chapakati, NS chakumwera, ndipo chilembo chachitatu chimaloza boma: NNM ndi Mzimba, NSB ndi Blantyre.

Choyamba kuitanitsa chikhale District Notebook ya kwanu. Limeneli linali buku lokhala pa ofesi ya DC, ndipo bwana aliyense ankawonjezeramo kuti womulowa m'malo asayambire pachabe. Muli mbiri ya mitundu ya m'deralo, mibadwo ya mafumu, mayina a nyakwawa ndi midzi yawo, misewu, misonkho, masukulu a mishoni, ngakhale za nyama zakutchire. Kwa wofufuza za mudzi palibe buku lina lolemera chotere. Koma ndi buku lomwelinso limene limasokeretsa anthu kwambiri, ndipo ndifotokoze chifukwa chake.

Mibadwo ya mafumu imene ili mmenemo DC sanaione ndi maso. Anachita kuuzidwa, kawirikawiri ndi mfumu imene inali pampando tsikulo, nduna zake zili pambali. Mbumba ina imene inkalimbirana ufumuwo mwina sinaitanidwe n'komwe. Komanso kukhala m'bukulo kunali ndi phindu. Lamulo la 1912 la District Administration (Native) Ordinance linapatsa boma mphamvu yosankha Principal Headman, mfumu yoyang'anira nyakwawa zingapo, ndipo ena osankhidwawo anali anthu amene anathandiza azungu, osati eni mbumba akale. Mu 1933 malamulo a Native Authority ndi Native Courts anapatsa mafumu ovomerezeka makhoti ndi mphamvu zoika malamulo, ndipo m'zaka zimenezo mabanja ambiri anathamangira ku boma ndi mbiri zosonyeza kuti iwo ndiwo akulu. Mukapeza mbiri ya ufumu yolembedwa pafupi ndi 1912 kapena 1933, iwerengeni ngati mawu a munthu amene ali pa mlandu. Ndemanga za DC zakuti mfumu yakuti ndi "yaulesi" kapena "yanzeru" muzimvenso bwino: kawirikawiri akunena za mmene msonkho ndi anthu antchito ankatulukira m'mudzimo. Mfumu "yaulesi" ikhoza kukhala imene inkabisa anthu ake.

Ndiye amene mukufuna kutengera fotokope ya bukuli ku mlandu wa ufumu, dziwani kuti likuonetsa amene boma linamuvomereza chaka chimenecho. Kuti mwini dzina weniweni ndani, bukulo silingaweruze palokha.

Mukatha pamenepo itanitsani malipoti a pachaka a boma lanu, malipoti a maulendo a DC oyendera midzi, ndi zokambirana za misonkhano ya mafumu.

6. Kawerengedwe ka fayilo

Fayilo ikafika patebulo, lembani kaye nambala yake yonse, mutu ndi zaka, musanawerenge kalikonse. M'mafayilo ambiri pepala lakale kwambiri lili pansi, choncho yambirani kumbuyo. Kutsogolo kumakhala mapepala a ndemanga, pamene mabwana ankalemberana mwachidule, aliyense n'kusaina zilembo za dzina lake ndi tsiku. Inki yofiira kawirikawiri ndi ya bwanamkubwa. Musawadumphe ngakhale zolembazo zikhale zovuta kuwerenga. Kalata yotayipidwa bwino ndi imene ankafuna kuti ioneke, koma zimene ankaganiza zili m'ndemangazo. Yang'ananinso zomatidwa kumapeto: kalata ya mphunzitsi yolembedwa pamanja, madandaulo a mudzi okhala ndi zidindo za zala, kamapu kojambula ndi pensulo. Ngati kalata ya Chinyanja, Chitumbuka kapena Chiyao ilipo pamodzi ndi Chingerezi chake, werengani zonse ziwiri. Inu muli ndi mwayi umene ofufuza ambiri akunja alibe, woona pamene womasulira anafewetsa kapena kukometsera.

Tiyerekeze kuti mwapeza mzere wakuti anthu a mudzi wakuti anavomera kusamuka mosavuta. Bwererani pabwalo pamene mawuwo anayankhulidwa. DC wakhala pampando pansi pa mtengo, mesenjala wa yunifolomu waima pambali, mwina ndi msilikali wa mfuti. Anthu akhala pansi, amayi kumbuyo. Woyankhula ndi nyakwawa, amene akudziwa kuti akhoza kuchotsedwa. Mawu ake adutsa pakamwa pa womasulira, DC walemba mwachidule madzulo m'hema, kalaliki watayipa patapita masiku. Pofika kwa inu adutsa m'manja anayi. Pa pepala lililonse dzifunseni: anayankhula ndani, anamasulira ndani, analemba ndani, ankalembera ndani, ndipo ndani analipo koma sanapatsidwe mpata?

Kuukira kwa Chilembwe ndi chitsanzo chabwino. Kunayamba pa 23 January 1915, ndipo iye anaphedwa pa 3 February. Komishoni imene inafufuza nkhaniyi inali ya azungu okhaokha, ndipo lipoti lake la 1916 ndi lalifupi. Umboni umene inamva ndi wochuluka kwambiri, ndipo unakhala m'mafayilo mpaka John McCracken anausindikiza mu 2015. Mmenemo mboni zachikuda zikudandaula za thangata, za kumenyedwa m'maesiteti, ndi za kukakamizidwa kuvulira chipewa mzungu aliyense amene iyeyo sabweza n'komwe ulemu. Koma kumbukirani kuti ankayankhula anzawo atangonyongedwa ndi kuwomberedwa. Munthu akanena kuti Chilembwe sankamudziwa bwino, musafulumire kulemba kuti sankamudziwadi. Lamulo ndi ili: mukapeza lipoti la komishoni, funafunani umboni wake.

7. Manambala muziwakayikira

Blue Book inali kaundula wa pachaka wa ndalama za boma, antchito ake, ndende, zipatala, masukulu ndi mitengo ya zinthu. Pa zimene boma linkagwira ndi manja ake, monga ndalama zotoleredwa, ndi yodalirika ndithu. Pa chiwerengero cha anthu ndi nkhani ina. Kalembera woyambirira sankawerenga munthu mmodzimmodzi: ankatenga nyumba zokhoma msonkho n'kuchulukitsa ndi nambala yongoganizira ya anthu a m'nyumba imodzi. Tsono msonkhowo, umene m'zaka za m'ma 1890 unali masheleni 3 pa nyumba, anthu ankauthawa. Okhometsa akamveka, ena ankalowa kutchire, a kumalire ankaolokera kwa Apwitikizi, ndipo nyumba za olephera kukhoma zinkatenthedwa. Ndani akanadziwerengetsa mokondwa? Kalembera wa 1945 anapeza anthu opitirira pang'ono 2 miliyoni, pamene wa 1966, dziko litadzilamulira, anapeza opitirira pang'ono 4 miliyoni. Kubadwa kwa ana ndi kubwera kwa anthu ochokera ku Mozambique kunathandizira, koma akatswiri ambiri amaona kuti akale aja ankawerenga mopereweza.

8. Tsatirani munthu wanu pamene anakumana ndi boma

Ngati nkhani ndi ya malo, makamaka ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, Zomba ndi Blantyre, yambirani pa Certificates of Claim zimene Johnston anapereka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, zotsimikiza malo amene azungu ankati anagula kwa mafumu, nthawi zambiri ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Zambiri zinali ndi mawu oti midzi imene inalipo kale isasokonezedwe, ndipo mlandu umene woweruza Nunan anagamula mu 1903 unakhudza mawu amenewo. Kenako onani lamulo la 1928 la anthu okhala m'maesiteti, ndi komishoni ya Sidney Abrahams ya 1946, imene inalangiza boma kugula malo osalimidwa n'kukhazikapo anthu. M'mafayilo a zimenezi muli mayina a midzi ndi a mabanja osamutsidwa.

Mabuku a milandu ndi amene ine ndimawaika patsogolo pa onse, chifukwa ndi mmene amayi amamveka. Kwina konse boma linkayang'ana mwamuna wokhoma msonkho, ngakhale m'madera a chikamwini mmene mudzi ndi wa akazi ndi alongo awo. Koma m'khoti la DC, ndiponso m'makhoti a mafumu kuyambira 1933, mayi amaima yekha kunena za mwamuna amene anapita ku Halale osatumiza kanthu, za munda, za ana, za mbuzi. Milandu ya mwavi ndi ufiti inkazengedwa potsata lamulo la 1911. Ingokumbukirani kuti kukhoti kumapita mabanja osweka. Musaweruze mudzi wonse ndi iwo.

Za asilikali a King's African Rifles, mabuku a tsiku ndi tsiku a magulu ankhondo a 1914 mpaka 1918 ali ku Kew mu WO 95, koma amatchula mabwana achizungu ndi mayina, anthu akuda ndi manambala. Amtengatenga, amene akatswiri amati analembedwa pafupifupi 200,000 kuno, ndiye osanena. Mu 2021 Commonwealth War Graves Commission inavomera kuti anthu akuda ambiri amene anafa pa nkhondoyo sanakumbukiridwe ndi mayina monga anachitira ndi azungu. Zambiri zimene tikudziwa za iwo zinachokera kwa okalamba amene Melvin Page ndi ophunzira ake anacheza nawo m'zaka za m'ma 1970.

Za matchona, komiti ya Lacey ya 1935 inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Amene anadzera ku Wenela kapena Mthandizi, mabungwe olemba anthu ntchito za kunja, anasiya dzina penapake, ndipo mapepala akale a Wenela amasungidwa ku University of Johannesburg. Amene anapita okha wapansi, aselefu, boma silinawaone. Kwa iwo funsani kunyumba: chitupa, kalata, chithunzi, kabuku ka ku positi, zimene zili pansi pa sutikesi ya agogo.

9. Dziwani kuti zina anatentha, zina anabisa

Pa 3 March 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti. Anthu oposa 1,300 anatsekeredwa, ena ku Kanjedza, Dr Banda ku Gwelo (Gweru wa ku Zimbabwe lero). Boma linati a chipani cha Nyasaland African Congress anapangana kupha azungu pa msonkhano wa kutchire wa mu January. Komishoni ya Devlin itafufuza inapeza kuti umboni wa chiwembucho unachokera kwa akazitape a polisi ndipo sunali wokwanira, inawerenga anthu 51 ophedwa, n'kunena kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Phunziro kwa wofufuza ndi lakuti lipoti la polisi yachinsinsi ndi mawu a munthu wolipidwa kuti abweretse nkhani, ndipo wobwera wopanda nkhani sadya. Pa za ku Nkhata Bay lipotilo linati anafa 20, pamene eni dera amatchula ochulukirapo. Lembani manambala onse awiri ndi kumene achokera. Mapepala a komishoniyi ali ku Bodleian Library ku Oxford.

Ufulu utayandikira m'maiko osiyanasiyana, London inalamula mu 1961 kuti mapepala amene angachititse manyazi boma la Britain, apolisi, asilikali kapena akazitape asasiyidwe m'manja mwa maboma atsopano. Ena anatenthedwa, ena anatumizidwa ku Britain mwakachetechete. Boma linavomera zimenezi mu 2011, okalamba a ku Kenya amene anazunzidwa pa nthawi ya Mau Mau atalisumira. Mafayilo pafupifupi 20,000 ochokera m'maiko oposa 30 anali ku Hanslope Park ku England, ndipo anatulutsidwa mu 2012 ndi 2013. Ali ku Kew mu FCO 141, ndipo a Nyasaland alimo. Choncho mukaona nambala zikudumpha m'mndandanda wa ku Zomba, kapena fayilo ikutchula pepala limene mulibe, lembani zimenezo m'kope mwanu ndipo muyese FCO 141. Kusowa kwa pepala si umboni woti chinthucho sichinachitike.

10. Tulukani m'mapepala a boma

Amishoni ankakhala pamalo amodzi zaka zambiri ndipo ankayankhula zinenero zathu, pamene DC ankasinthidwa kawirikawiri. Kaundula wa ubatizo, wa maukwati ndi wa sukulu ndi kumene dzina la munthu wamba limapezeka msanga, ndipo ambiri akadali m'maparishi ndi m'masinodi momwemo. Za mishoni za Livingstonia ndi Blantyre zina zili ku Zomba, zina ku National Library of Scotland ku Edinburgh. Za mishoni ya Anglican ya UMCA ya ku Likoma zili ku Oxford, za Nkhoma ku Stellenbosch ku South Africa, za ansembe a White Fathers, amene anafika ku Mua mu 1902 ndipo ankalemba buku la tsiku ndi tsiku, ku Rome. Nawonso anali ndi mbali yawo. Zimene analemba za gule wamkulu analemba ali pa mkangano ndi eni gule wolimbirana ana, choncho muziwerenge monga mawu a mdani.

Funafunani kwambiri zimene anthu akuda analemba okha. North Nyasa Native Association inayamba mu 1912, ya West Nyasa mu 1914, ya Mombera mu 1920, ndipo Levi Mumba ndi anzake ankatumiza zokambirana zawo ku boma, moti zinasungika m'mafayilo a Secretariat. Nyasaland African Congress inabadwa mu 1944. Onaninso makalata a owerenga m'nyuzipepala za m'zinenero zathu monga Mthenga ya ku Nkhoma ndi Msimbi ya boma. Nyasaland Times inali ya azungu a m'maesiteti, ndipo ndi yothandiza podziwa maganizo awo. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre ili ndi mabuku, mapu ndi zithunzi zakale. Ku dipatimenti ya mbiri ku Chancellor College, imene tsopano ndi University of Malawi, kuli zolemba za ophunzira amene ankacheza ndi okalamba kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamodzi ndi ntchito za akatswiri monga Kings Phiri ndi Owen Kalinga. Okalambawo anapita kale, ndiye mwina wina anacheza ndi agogo a agogo anu inu musanabadwe.

11. Bwererani kumudzi ndi zimene mwapeza

Tsopano mukhoza kuwerengera akuluakulu mapepala aja, mutawamasulira, n'kumva zimene akutsutsa. Pamene pepala ndi pakamwa zasiyana musathamangire kusankha chimodzi. Pa njala ya 1949 mafayilo a boma amakamba za mvula, matumba a chimanga ndi malo ogawira chakudya, ndipo chiwerengero cha boma cha akufa chinali pafupifupi 200. Megan Vaughan atapita m'midzi ya ku Blantyre n'kumvetsera nyimbo za pamtondo, anamva nkhani imene m'mafayilo munalibe: amuna amene anachoka kukafuna chakudya osabweranso, ena n'kukakwatira kwina, akazi n'kutsala okha ndi ana. Kwanunso funsani nyimbo, mayina a ana obadwa chaka chimenecho, ndi mayina a malo.

Polemba, chilichonse chikhale ndi kwawo: nambala ya fayilo, wolemba, wolandira ndi tsiku, kapena dzina la wokuuzani, mudzi ndi tsiku limene munacheza. Siyanitsani zimene pepala lanena, zimene munthu wanena, ndi zimene inu mukuganiza. Mawu onyoza a atsamunda mukawagwiritsa ntchito aikeni m'zizindikiro zosonyeza kuti ndi awo. Mukapeza dzina la munthu amene anali kazitape, kapena woimbidwa mlandu wa ufiti, kapena amene makolo ake anali akapolo, kumbukirani kuti zidzukulu zake zili moyo ndipo mwina mumatunga nazo madzi pa mjigo umodzi. Kambiranani ndi akubanja musanaike pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp. Mawu amene munajambula asungeni pawiri, pa foni ndi pena, ndipo kope limodzi la zimene mwalemba, la m'chinenero chimene anthu a kumeneko amawerenga, mukalisiye kwa amfumu kapena pa sukulu ya m'mudzimo.